Chifuwa cha a Chisanu

Kumsika komwe ankakonzera mafiriji ankamutcha Chisanu, dzina limene mwiniwake ankalitsutsa. Munthu akabwera kudzadandaula kuti firiji yasiya kupanga kuzizira, ankayamba walandira ulaliki asanalandire thandizo. Kuzizira kulibe, ankatero Chisanu. Chomwe chilipo ndi kutentha basi, ndipo sikukhala pansi: kumachoka pomwe kwachuluka kupita pomwe kwachepa, mpaka ponse pafanane. Firiji sipanga kanthu, imangotola kutentha m'kati n'kukakutaya kumbuyo kwake. Anthu ankangoti, "Zoona, a Chisanu," maso ali pa firiji yawo.

Lero analibe womulalikira. Anali pabenchi m'chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane, mafuta a makina akadali m'zikhadabo. Mkazi wake anali m'chipinda china, asanatsitsimuke chimuchitireni opaleshoni yotulutsa mwana wawo. Adokotala anali atafotokoza zambiri, iye akugwedeza mutu pa chilichonse, koma mawuwo ankangolowera khutu ili n'kutulukira linalo. Chisoni sankachimva, mantha sankawamva. Mumtima munali zii ngati m'nyumba yoti magetsi angothima kumene.

Apongozi ake anali atafukata mwanayo, bulangete pamwamba pa bulangete, moti pankangooneka kamphuno. Namwino anasolola choyezera kutentha kukhwapa kwa mwanayo n'kupukusa mutu.

"Akutsikabe. Makina ofunditsira ana onse ndi odzaza. Akapitirira chonchi, timutaya."

"Ndionjezere bulangete lina?" anafunsa apongozi.

"Bulangete silipatsa kutentha, amayi," panayankha pakamwa pa Chisanu, mwiniwake asanaganize n'komwe. "Limangosunga komwe kulipo kale. Ngakhale madzi oundana timawakulunga m'bulangete kuti asasungunuke."

Apongozi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Ndiye mdzukulu wangayu mwamufanizira ndi madzi oundana?"

"Poti mukudziwa, bambo, vulani malaya," anatero namwino. "Makina ake mukhala inuyo."

Anamugoneka mwanayo pachifuwa pake, khungu kukhungu, n'kuwamanga pamodzi ndi nsalu. Kanali kopepuka kuposa sipanala yake yaikulu, ndipo kanali kozizira. Chimenecho ndiye anachimvetsa: pomwe pankamuzizirapo ndi pomwe kutentha kwake kunkatulukira kupita mwa mwana. Anatsamira khoma n'kusiya kuti kutuluke.

Dzuwa linachoka pazenera n'kutsikira pansi pa benchi. Apongozi anapita kukaona mwana wawo, anabwerako n'kungoti, "Sanadzukebe." Munthu wina anadutsa akukolopa. Maso a Chisanu anakakamira pa kafiriji kosungira mankhwala kamene kanali pakona. Labala wa chitseko chake anali atatha, ndipo nthawi yonseyo mutu wake unali pa labala ameneyo. Anachita nazo manyazi pang'ono, koma nawonso manyaziwo sanakhalitse.

Kenaka anazindikira kuti pachifuwa sipakumuziziranso.

Pantchito yake dzanja ndilo linali dokotala. Akagwira mapaipi a firiji, ina n'kukhala yotentha ina yozizira, ankadziwa kuti makina ali moyo. Koma akagwira n'kusamva kalikonse, ankapukuta manja n'kuyamba kufunafuna mawu omupepesera mwini firiji. Zaka zonsezo lamulo limenelo linali lisanamunamizepo.

Sanakuwe. Anangokhala, osaweramitsa n'komwe mutu, akuganiza kuti mkazi wake akadzuka adzayambira pati kumuuza. Namwino atadutsa pafupi, anamuitana motsitsa mawu kuti apongozi asamve.

"Anesi, sindikumumvanso."

Namwino anafutukula nsalu pang'ono n'kulowetsa choyezera chija. Apongozi anali ataimirira kale, manja ali pakamwa. Choyezeracho chitalira, namwino anachiwerenga n'kuchitembenuzira kwa Chisanu.

"Wakwera, wafika pabwino. Simukumumva chifukwa mwafanana, bambo."

Mwafanana. Mawu ake omwe, amene ankawalalika kumsika tsiku ndi tsiku. Iye anali atazolowera kuona zinthu zikufanana ndi chipinda zikafa, ndipo anali asanaganizepo kuti chinthu chingafanane ndi munthu. Pansi pa nsalu kanachita kumukanda pang'ono, kachikhadabo kochepa ngati njere.

"Nanga timumasule kuti akamwini angawa apumeko?" anafunsa apongozi, mawu atafewa.

"Tikamuchotsa ayambiranso kutaya," anatero namwino. "Payekha sangasunge."

Zimenezo Chisanu sankafunikira kuuzidwa. Apo m'pamene mantha anamugwira, koyamba tsiku lonselo, ndipo misozi inayamba kutsika yokha. Anaipukuta msanga ndi phewa kuti isadonthere pa mwana, chifukwa madzi akamauma pakhungu amapita ndi kutentha.

"Musandimasule," anatero.