Mabotolo Kuseri kwa Mpando

A makanika aja anali ndi ngongole yanga, ndipo ndinkanena paliponse: kumsika, pampopi, ngakhale pakhomo pa galaja yawo. Sinali ya ndalama ayi. Anandilonjeza kuti Loweruka abwera kudzasintha fyuluta ya dizilo pamodzi ndi sepaleta, kaja kolekanitsa madzi ndi mafuta m'lole. Loweruka linadutsa osawaona. Lachiwiri lake mwana wanga anafa.

Mwanayo tinkamutcha Dalaivala kuyambira ali wamng'ono, chifukwa ankalanda chivundikiro cha poto n'kumazungulira nacho nyumba, pakamwa pali vuuu! Atakula ndinagulitsa malo amene bambo ake anatisiyira, n'kumugulira lole yakale ya matayala asanu ndi limodzi. Iye kuyendetsa, ine kusunga thumba. Sukulu ndinangoinunkhiza, koma pa mtengo palibe anandipusitsapo. Ngakhale dizilo sindinkagula wa pampu. Panali bambo wina ankandibweretsera wotchipa m'zigubu, ine n'kumathira mu mgolo kuseri kwa nyumba. Chotsekera cha mgolowo chinasowa kalekale, ndinangotseka ndi chiguduli.

Lole itayamba kutsokomola pamtunda, a makanika anabwera ndi timabokosi tiwiri. Atatchula mtengo ndinaseka.

"Muli golide m'menemo?"

"Ndi zenizeni izi, mayi."

"Zenizeni mukaike m'ndege. Kapezeni zotchipa, mubwere nazo Loweruka."

Anayang'ana Dalaivala, Dalaivala anayang'ana pansi. "Chabwino mayi, Loweruka," anatero a makanika.

Lachiwirilo kunali mvula. Lole inazima pamtunda, pamalo pokhota. Mwana wanga anatsika n'kugwada pambali pa thanki, mbali ya msewu. Galimoto ina inatulukira. Amene anaona akuti anali ndi botolo m'manja, ine ndinkati linali la madzi akumwa. Zinazo musandifunse.

Loleyo anaikoka n'kudzaiimika pabwalo. Inakhala miyezi isanu ndi itatu, udzu unamera pansi pake, nkhuku zinayamba kuikira pambali pa tayala. Ndinkasesa mozungulira, osaigwira. Mpaka tsiku lina mpongozi wanga, amene mwana wanga anamusiyira ana awiri, anandipeza ndi tsache m'manja.

"Amayi, ana sadya chitsulo. Pali munthu akufuna kumaiyendetsa, azitipatsa pamwezi."

Ndinaponya tsache, ulendo wa kugalaja. Ndinawapeza atagona pansi pa galimoto, kukuoneka miyendo yokha. Ndinamenya nsapato yawo ndi phazi.

"Tulukani, inu bambo. Ndabwera kudzatenga Loweruka langa."

Anatuluka pang'onopang'ono, dazi lili mbuu ndi fumbi. Sanakangane nane. Miyezi yonseyi sanandiyankhepo, ndipo zimenezo n'zimene zinkandipsetsa mtima koposa.

Anafika m'mawa mwake atanyamula batire, chigubu cha dizilo, ndi timabokosi tomwe tija, m'makona mutaphwanyika.

"Dizilo wa chiyani? Mgolo wanga uli pakati ndi pakati."

"Tiyambe ndi uyu, mayi."

Ndinakoka mpando n'kukhala pafupi, kuti asandibere ngakhale nati imodzi. Anaika beseni pansi pa sepaleta, n'kupotokola kampopi kali kunsi kwake. Zimene zinatuluka sanali mafuta. Anali madzi, ofiira ndi dzimbiri, onunkha ngati ngalande.

"Mwaona?" ndinakuwa. "Mwaona zimene munamusiyira mwana wanga? Mukanabwera tsiku lija bwenzi ali pano akudya!"

Mpongozi anasuzumira pazenera, n'kubwezanso katani. A makanika anangopukuta manja. Anayesa kumasula fyuluta yakale, koma inali itagwirana ndi dzimbiri.

"Dalaivala anali ndi sipanala ya lamba," anatero. "Ankaisunga kuseri kwa mpando."

Anakwera, anagwetsera mpando kutsogolo. Kenaka anaubweza msanga, ngati munthu amene waona njoka. Ine maso anga ndi a kumsika, saphonya.

"Mwabisa chiyani? Tsegulani."

"Palibe, mayi. Zinyalala."

"Lole ndi yanga, zinyalala n'zanga. Tsegulani!"

Munali mabotolo atatu, otsekedwa bwinobwino, atawaimika m'kabokosi kuti asagwe. Ndinatenga limodzi n'kuliyang'ana padzuwa. Pansi ponse madzi, pamwamba kadizilo kochepa ngati chala chopingasa.

"Ichi n'chiyani?"

Anakhala pa sitepe ya lole.

"Dalaivala ankakhetsa madzi a mu sepaleta m'mawa uliwonse, inu musanatuluke ndi tsache. Botolo limodzi patsiku. Lachisanu ankabwera nawo kugalaja kudzataya."

"Osangokhetsera pansi bwanji?"

"Pabwalo pano? Inu mumaona ngakhale dontho. Mukanafunsa."

"Ndikanafunsa, inde. Ndiye?"

"Ndiye akanayankha chiyani? Mayi, sepaleta sipanga madzi. Imangogwira amene mwaipatsa. Ngakhale yatsopano ikanadzaza. Madzi ochuluka chonchi amachokera kumene kukuchokera dizilo."

Sindinatembenuke kuyang'ana kuseri kwa nyumba. Panalibe chifukwa. Chiguduli chija ndinkachifinya ndekha mvula ikagwa.

"Nanga Loweruka?" Mawu anga anatuluka aang'ono, sindinawazindikire.

"Ndinanyamuka, ndi timabokosi timeneti. Zotchipa sindinafune kuika. Tinakumana ndi Dalaivala pamphambano, anandibweza. Anati, 'Achimwene, mukafika mukangana, ndipo inu munena za mgolo. Amayi mgolo uja amaunyadira, amati ndi umene ukutidyetsa. Ndisiyeni ndimalize katundu wa sabata ino, ndigula zonse ndekha, ndiziwauza pang'onopang'ono.' Ndinamumvera. Pamenepo ndiye ndinalakwa."

Ndinawerenga mabotolo aja. Loweruka, Lolemba, Lachiwiri. Lamulungu lole sinkayenda. Botolo lachinayi ndi lija anali nalo m'manja pamsewu.

"Miyezi isanu ndi itatu ndakutukwanani. Makasitomala ena anakuthawani chifukwa cha pakamwa panga. Osanena bwanji?"

"Anati ndisanene." Anatola sipanala ija. "Komanso mukanatukwana ndani, mayi?"

Anabwerera pa ntchito yawo. Ine ndinakhala ndi botolo pamiyendo. Anakulunga lamba pa fyuluta yakale, anakoka, inalira n'kumasuka. M'kati mwake munali matope akuda. Anachotsanso sepaleta, anapukuta pokhala pake ndi kansalu koyera. Anamasula nati ya pansi pa thanki, zonse zinali m'menemo zinatsikira m'mabeseni, atatu. Atatseka anathira dizilo wawo uja.

Fyuluta yatsopano sanangoimanga. Anayamba aidzaza dizilo woyera mpaka pakamwa, anaviika chala n'kupaka pa kalabala kozungulira, kenaka n'kuimanga ndi manja okha, osagwiritsa sipanala. Sepaleta chimodzimodzi. Dalaivala ankachita choncho kumene, lilime lili panja. Ndinkamunena kuti akuwononga mafuta.

"Mayi, ndithandizeni. Popani apa, ine ndiziyang'ana mpweya."

Kanali kapampu kakang'ono pamwamba pa fyuluta. Ndinaika chikhatho n'kuyamba kukanikiza. Iwo anamasula kanati pang'ono, panayamba kutuluka thovu.

"Musaleke mpaka thovu lithe."

Ndinapopa. Dzanja linatopa, ndinasintha linalo. Misozi inkagwera pa chitsulo, ndinalibe dzanja loipukutira, ndipo a makanika anachita ngati akuona kanati kokha. Thovu linachepa, linatha, panatuluka dizilo yekhayekha. Kapampu kanalimba.

"Basi."

Anamanga batire, anakwera, anapotokola kiyi. Injini inakoka kamodzi, kawiri, inatsokomola utsi wakuda, kenaka inagwira. Nkhuku zinabalalika. Mawindo a nyumba ananjenjemera monga ankachitira m'mawa uliwonse kale.

Chitseko chinatseguka ndi mphamvu. Mdzukulu wanga wamkazi, wa zaka zinayi, anatuluka akuthamanga, nsapato imodzi kuphazi.

"Ababa! Ababa abwera!"

Anaima pafupi ndi chitseko cha lole, anayang'ana m'mwamba, anaona dazi la a makanika. Mayi ake anabwera kudzamunyamula. A makanika anazimitsa injini.

Atatsika ndinamasula mfundo ya nsalu yanga.

"Tchulani mtengo. Uja wa tsiku lija. Sinditsitsa."

"Bwezani, mayi."

"Ine sindilandira zaulere. Tchulani!"

"Si zaulere. Munati ndili ndi Loweruka lanu." Analonga zitsulo zawo m'thumba, fyuluta yakale anaiponya m'beseni. "Lero n'Loweruka. Ndabweza."

"Nanga ngongole yangayi ndikabweza kwa yani?"

Anakoleka thumba paphewa. Kenaka analoza kuseri kwa nyumba ndi chibwano.

"Wa mu mgolo uja musathirenso. Ndipo musatayire pansi, ndituma ngolo idzatenge."

Anatuluka pachipata. Ndinakwera m'lole, koyamba chiifikitsireni pabwalo, ndinabwezera botolo lija m'kabokosi pamodzi ndi anzake awiri, n'kukankhira mpando m'malo mwake.