Waya Wogontha Kuseri kwa Mlatho

Pakampani pomwe ankagwira ntchito ankangomutchula kuti Nyundo, poti ntchito yake inali yomenya pansi. Motsatira paipi ya madzi, m'mbali mwa msewu, anakwiriramo waya wagalasi wopyapyala ngati tsitsi. Munthu akakumba kapena kugogoda pafupi nawo, kompyuta ya mu ofesi inkaonetsa malo ake enieni. Vuto linali loti wayawo unkamva kulekezera pamlatho. Kupitirira apo unali wogontha.

Injiniya wa pakampanipo, yemwenso anali mlongo wa mkazi wa Nyundo, ankafuna kuti wayawo uzimva mpaka kumapeto, kuthanki ya madzi. Masana aliwonse ankasinthasintha tizipangizo, n'kutuma mlamu wakeyo kukamenya pansi kuthankiko. Kompyuta inkangoti zii.

Kuthankiko Nyundo sankafikako n'komwe. Msewu wake unali wa mabampu okhaokha, ndipo iye ankaona kuti kumenyera gonthi nyundo n'kungodzithyolera msana. Akangowoloka mlatho ankaimika galimoto pansi pa mtengo, injini ili chilirire kuti m'kati muzizizira bwino, mpando n'kuugoneka. Foni ikalira ankayankha ali wefuwefu: "Ndamenya, alamu, mpaka m'manja matuza."

Ankadziwa kuti zikadzaululika ntchito idzatha, ndipo nkhani idzakafika kunyumba iye asanafike. Koma tulo ta masana n'tokoma, abale inu.

Tsiku lina injiniya, osauza mlamu wake, anaika kachipangizo kowonjezera mphamvu ya kuwala koyenda m'wayamo, n'kuitana mabwana a zamadzi kuti adzaonerere. Foni ya Nyundo inalira.

"Menyani, alamu."

"Ndikumenya," anatero Nyundo, miyendo ili pachiwongolero.

"Kuthanki kuli zii. Koma kuseri kwa mlatho, pamtengo paja, pali chinthu chikunjenjemera osalekeza. Mwina ndi akuba mapaipi. Tiitane apolisi?"

Tulo tonse tinabalalika. Nyundo anazimitsa injini msangamsanga.

"Chasiya," anatero injiniya. Kenako anapitiriza mwaulemu kwambiri. "Tailizaninso, alamu."

Akanatani munthu? Anailiza. Mufonimo anamva mabwana aja akuomba m'manja, wina akuseka mpaka kutsokomola.

"Waya wachira, alamu, zikomo potithandiza. Tsopano pitani kuthanki mukamenye zenizeni. Tizikuonani njira yonse, bampu lililonse."

"Chabwino," anatero Nyundo.

"Mlongo wanganso ali pompano, akuonerera nafe. Wabwera ndi mankhwala a matuza anu aja."