Theka Kuphatikiza Theka

Bambo wa Masamu, monga ankawatchulira pa koleji ya aphunzitsi, anali atagwira choko zaka makumi awiri pamene mayi wosanthula zotsatira za mayeso anawayalira pepala patebulo.

"Ana a m'makalasi a aphunzitsi otuluka m'manja mwanu akumakhoza ndithu," anatero mayiyo. "Koma pa mafulakishoni akumagwa chagada, ndipo onse akulakwitsa mofanana."

"Ndiye kuti funsolo ndi lopotoka," anayankha bambowo.

Komabe sabata yotsatira anakakhala kumbuyo kwa kalasi ya mtsikana wina amene anamuphunzitsa okha uphunzitsi, mawondo atapanikizika padesiki ya ana. Mtsikanayo anaphunzitsa ndendende ngati iwo: chitsanzo chomwecho cha lalanje, nthabwala yomweyo, ngakhale katsokomoledwe. Ana anaseka, kenako n'kulemba kuti theka kuphatikiza theka ndi magawo awiri mwa anayi.

"Ndaphonya pati, aphunzitsi?" anafunsa mtsikanayo ana atatuluka.

"Simunaphonye ayi. Mwaponda momwe ndinaponda ine."

Teremu yotsatira bambowo anaika pambali notsi zawo zakale. Wophunzira aliyense pa kolejipo ankapatsidwa yankho lolakwika la mwana, kuti ayambe wafotokoza chimene mwanayo ankaganiza.