Kalaiti Kamene Kanachiritsa a Chibwe

Ku Petauke kunalibe mkwatibwi amene sankadziwa dzina la Cosmas Chibwe. Ankajambula mavidiyo a maukwati, a makwaya ndi a maliro omwe, ndipo mbiri yake inali yakuti pa kamera yake palibe munthu wonyansa. Mtsikana wa ziphuphu ankatuluka wosalala, mkamwini wotuwa mbuu ankaoneka ngati wakulira pa mkaka. Cosmas ankanyadira zimenezi, ndipo tisabise, ankadzimva. Ankakonda kunena kuti munthu akaipa pa vidiyo, wolakwa ndi wojambula.

Chaka chimenecho, anthu atangomaliza kukumba mtedza, bambo ake, a Titus Chibwe, anatulutsidwa m'chipatala ku Nyimba n'kubwerera kwawo ku Luembe. Adokotala anati akapumulire kunyumba. Munthu aliyense wamkulu amadziwa tanthauzo la mawu amenewo, koma pabanjapo panalibe amene anawamasulira mokweza.

Amene sankadziwa kanthu anali Karen, mlongo wake wamkulu wa Cosmas, yemwe ankaphunzitsa kutali ku Solwezi. Karen anali ndi pakati, ndipo mimba yake yoyamba inali itapita padera. Choncho amayi awo, a Olipa, anakhazikitsa lamulo lakuti munthu wapakati sauzidwa zoopsa. Akaimba foni ankangomuyankha kuti bambo ali bwinoko. Koma Karen sanali mwana, ndipo tsiku lina m'mawa anaimbira Cosmas.

"Iwe Cosmas, amama akamba kuti atata ali bwino, koma mau ao sanikondweletsa," anatero Karen. "Uli na kamela. Yenda ukanijambulile atata niwaone na maso anga. Ngati zaipa, nizanyamuka mailo. Ngati aliko bwino, nizayembekeza titseke masukulu."

"Nizayenda, asisi," anayankha Cosmas.

Masukulu anali oti atseka mwezi wotsatira, ndipo ulendo wochokera ku Solwezi kukafika ku Luembe si wongodzuka n'kupita, makamaka kwa munthu wolemedwa. Vidiyo imeneyo ndiyo inali yoti igamule ngati Karen anyamuke msanga kapena adikire. Cosmas anazimva zonsezo, koma mutu wake unathamangira ku vuto la ntchito yake. Bambo ake ankagona m'kachipinda ka zenera limodzi laling'ono, mwamdima ngakhale masana, ndipo sankatha kuwatulutsa panja. Ku Luembe kwawoko kunalibe magetsi, pamene malaiti ake a paukwati anali aakulu, ofuna zingwe ndi jenereta. Panafunika kalaiti kakang'ono kokhala ndi batire yakeyake.

Anapita kwa Musa, amene ankagulitsa mafoni, machaja ndi zina zotero pafupi ndi pokwerera mabasi. Musa anatulutsa malaiti awiri n'kuwaika patebulo. Ina inali yaikulu ngati mbale, yowala zoyera zokhazokha. Kalaiti kenako kanali kakang'ono ngati sopo wosambira, kochajidwa ngati foni, ka maginito kumbuyo, ndipo m'mbali mwake munali kagudumu kosinthira mitundu.

Cosmas sankagula chinthu ngati munthu wothamangira basi. Anayatsa kalaitiko n'kukayang'ana kudzera pa kamera kuti aone ngati sikaphethira. Anafunsa ngati batire yake ingapirire masana onse. Anakaveka n'kukavula kapulasitiki koyera kofewetsa kuwala, kenaka anakalozetsa pankhope pa Musa n'kuyamba kupotoza kagudumu kaja. Pa mtundu wobiriwira Musa anaoneka ngati wadya zoola. Pa buluu anaoneka ngati wagona panja m'nyengo yozizira. Koma Cosmas atafika pa chikasu cha dzuwa lolowa, n'kuthirako kufiira pang'ono chabe, nkhope ya Musa inadzadza, makwinya anabisala, munthu n'kubwerera unyamata.

"Iyi ikulu ionetsa munthu mwamene alili," anatero Musa. "Aka kang'ono nako kali nayo yoyela, koma imwe a Chibwe nikudziwani, yoyela simuzaigwila."

Cosmas anaseka n'kutenga kakang'onoko. Anadziuza kuti wakasankha chifukwa n'kopepuka ndiponso kamalowa m'thumba la malaya, ndipo zimenezo zinali zoona ndithu. Chifukwa chinacho sanafune kuchiyang'anitsitsa.

M'mawa mwake anakwera minibasi mpaka pa Nyimba, anagula nthochi pamsewu, n'kukwera njinga yamoto yolowera ku Luembe. Anafika dzuwa lili paliwombo, fumbi lili m'mutu monse. Anapeza amayi ake akusenda mtedza pakhonde. Atalonjerana, a Olipa anamukokera kuseri kwa nkhokwe.

"Mlongo wako ali na pakati, ndipo udziwa zamene zinacitika poyamba," anatero motsitsa mawu. "Usamuopseze. Uwajambule bwino atata ako, monga mwamene ucitila pa ukwati. Nao naauza kale zokamba."

"Amama, nanga ngati..."

"Ngati ciani? Ufuna titaye awili?"

Cosmas analowa m'nyumba, ndipo maso ake atazolowera mdima, mtima wake unagwa. Bambo amene ankanyamula thumba la mtedza paphewa akuimba mluzu anali atatsala mafupa okhaokha. Masaya anali atalowa, milomo itauma, ndipo manja ali pabulangete ngati timitengo. Cosmas anagwada n'kuwapatsa moni. Iwo anamugwira dzanja nthawi yaitali. Anamva chisoni chachikulu ndi mantha, ndipo pothawa zonsezo anachita chimene ankachidziwa bwino, anayamba kumasula zida zake.

Anaimika kamera, anamangirira kamaikolofoni pakolala ya malaya a bambo ake, n'kuyamba kujambula. Chimenecho chinali chizolowezi chake, kuyatsa kamera anthu asanakonzeke kuti aziona kuwala kwake pamene akukonza. Njinga ya bambo ake inali itatsamira khoma, ndiye anamata kalaiti kaja pachitsulo chake n'kuyatsa mtundu woyera. Atayang'ana pa kamera anaona munthu amene watsala pang'ono kufa. Khungu linali lotuwa, maso achikasu. Aliyense woona chithunzi chimenecho akanathamangira basi tsiku lomwelo.

Cosmas anafulatira bedi msangamsanga n'kuyamba kupotoza kagudumu. Mitundu inayamba kudutsa pakhoma, wobiriwira, wa buluu, wofiirira. Kumbuyo kwake bambo ake ananong'ona kanthu, koma mawu awo anali atachepa kwambiri masiku amenewo, ndipo maganizo a Cosmas anali pa kuwala.

"Yembekezani atata, tikalibe kuyamba," anatero osacheuka.

Anapeza chikasu chija n'kuthirako kufiira pang'ono. Anatsitsa kalaitiko kuti kaunike chapambali, mithunzi ya m'masaya ithe. Amayi ake analowa ndi jekete ya kutchalitchi ndi mafuta odzola, anawatsamiritsa odwalawo pa mapilo, n'kukaima pakhomo atapinda manja. Cosmas atayang'ananso pa kamera, anaona bambo ake a chaka chatha, otopa pang'ono koma a magazi m'thupi. Luso linalipo, palibe angatsutse. Koma paja amati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

"Manje kambani, atata," anatero Cosmas.

A Chibwe anayang'ana mwana wawo, anayang'ana akazi awo pakhomo paja, kenaka anayang'ana kamera n'kumwetulira.

"Karen mwana wanga, nili bwino," anatero. "Usavutike. Usamale mwana uyo."

Madzulo asanafike Cosmas anali atabwerera pa Nyimba, pomwe foni imagwira bwino. Anakhala pa benchi ya sitolo ina n'kuyamba kukonza vidiyo ija. Mbali yoyamba yonse, ya laiti yoyera ndi msana wake, anaidula osaimvetsera, monga ankadulira ya paukwati uliwonse. Kwa wojambula zimenezo ndi zinyalala. Chinatsala chinali kavidiyo kafupi kokongola, bambo akumwetulira m'kuwala kofunda.

Asanatumize anazengereza. Ankadziwa kuti vidiyoyo ikunama, ndipo ankadziwanso chimene Karen achite akaiona. Koma anakumbukira funso la amayi ake kuseri kwa nkhokwe, ndipo anadzitonthoza kuti iye sananene bodza lililonse, wangoika laiti pamalo pake. Anatumiza.

Karen anaimba nthawi yomweyo, akuseka ndi kulira pamodzi.

"Iwe, atata aoneka bwino! Anenepako na kunenepa. Mtima wanga wakhala pansi manje. Nizabwela tikatseka masukulu, nizaabweletsela na bulangete."

"Cabwino, asisi," anatero Cosmas.

Zoona zake anazibisa. Ndipo chochititsa manyazi n'chakuti pansi pa chisoni chake panali kunyada pang'ono, kwakuti ntchito yake yakhulupiririka. Masiku otsatira ankati amuimbira Karen mawa kuti amuuze zoona. Mawa likafika kunkakhala ukwati ku Msanzala, kapena kwaya yofuna kujambulidwa, ndipo iye ankalandira ntchitozo ndi manja awiri kuti asakhale ndi nthawi yoganiza. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

A Titus Chibwe anamwalira m'mawa wina, masukulu asanatseke. Apa panalibenso chobisa. Thupi analisunga ku Nyimba kudikira Karen, amene anafika miyendo itatupa, atanyamula bulangete lija lili m'pepala lake. Pa tsiku loika maliro, anthu akudutsa pamzere kuona nkhope, Karen anafika pabokosi, anayang'ana, n'kubwerera m'mbuyo.

"Awa si atata," anatero. "Atata nawaona ine, anali bwino. Awa ni ndani?"

Amayi a mumpingo anamugwira asanagwe. Cosmas anali chapafupi ndi kamera yake, pakuti achibale anamupempha kuti ajambule mwambowo, koma pamenepo anaitsitsa.

Tsiku lotsatira masana, anthu ambiri atabalalika, Karen anamuitana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Anali atakhala pamphasa, miyendo atatambasula. Cosmas ankayembekeza kukalipiridwa, ndipo akanakonda kukalipiridwa, koma Karen analankhula modekha.

"Amama aniuza zamene anakupempha, ndipo sinizakangana nao pa malilo," anatero. "Koma ine atata anga a masiku otsiliza siniwadziwa. Nionetse vidiyo yonse, na ija unadula."

"Mulibe ciliconse muja, asisi. Ni ine cabe nikonza laiti."

"Nionetse."

Cosmas anaipeza pa foni yake, anakweza mawu, n'kukhala pambali pake. Chithunzi chinayamba ndi mdima, kenaka laiti yoyera inayaka, ndipo bambo awo anaoneka mmene analili. Karen anagwira pakamwa koma sanachotse maso. Msana wa Cosmas unatchinga mbali ina ya chithunzicho. Mitundu inayamba kudutsa pankhope ya odwalayo, wobiriwira, wa buluu, wofiirira. Kenaka milomo youma ija inayamba kugwedera. Chimene khutu la Cosmas silinamve tsiku lija, kamaikolofoni ka pakolala kanachigwira chonse.

"Cosmas," anatero mawu a bambo awo, "amai ako akalibe kulowa. Umuuze Karen abwele manje. Asayembekeze masukulu, sinizafika. Nifuna nimuone."

Ndipo pompo panamveka mawu a Cosmas, amphamvu, a munthu wotanganidwa ndi ntchito yake.

"Yembekezani atata, tikalibe kuyamba."

Pa vidiyopo a Chibwe anatseka pakamwa. Anayang'ana msana wa mwana wawo kanthawi, anagwedeza mutu pang'ono ngati munthu wovomera, n'kuyembekeza monga anauzidwira. Kenaka kuwala kwachikasu kunafika n'kuwadzoza moyo umene analibe.

Cosmas analira ngati mwana, nkhope ili m'manja. Karen sanamutonthoze ndipo sanamunyoze. Anatenga foniyo m'manja mwake, misozi ikutsika yokha.

"Ija yokongola uifute," anatero. "Iyi unitumizile. Apa ndiye pamene atata ananiitana."

Anabweza vidiyoyo poyambira n'kuiyambitsanso. Laiti yoyera inayaka, bambo awo anamuitana kachiwiri, ndipo Cosmas, ali chikhalire pamphasapo, anadzimvanso akuwauza kuti ayembekeze.