Bondo la Chiphaliwali

"Kodi chinthu ichi chimapumira pati?"

Bambo anga anali ataimirira kumbuyo kwa amuna anga, magalasi ali pamphuno, pepala la Chiphaliwali lili kale m'manja mwawo. Anali atakhala nafe masabata atatu, ndipo aka kanali koyamba kuti afunse funso lina kupatula lakuti nthawi ili bwanji.

Chiphaliwali inali loboti yankhondo ya amuna anga, loboti ya papepala. Loweruka lililonse masana tinkachotsa nsalu patebulo lodyera n'kuyalapo mapu a pulaneti ina yafumbi lofiira, yotentha ngati uvuni, kumene anthu amakumba miyala yamtengo wapatali ndipo achifwamba amawalanda. Osewera anali atatu: amuna anga, mlongo wawo wamng'ono amene ndi mlamu wanga, ndi mnansi wathu amene tonse timangoti Aphunzitsi, chifukwa amaphunzitsa masamu ndipo sasiya ngakhale pa Loweruka. Ine ndinali woyendetsa nkhani. Ndikati kutsogolo kuli chigwa, ndiye kuti kuli chigwa. Zotsalazo oweruza ake anali madayisi.

Tsikulo aliyense ankapanga loboti yatsopano. Buku la malamulo limakupatsa matani makumi asanu ndi limodzi, osaposa pamenepo, ndipo chilichonse chili ndi kulemera kwake: injini, miyendo, zitsulo zotchinga, mfuti. Usankhe wekha zoti ukweze. Amuna anga, munthu wofatsa woti ngakhale mphemvu amaiperekeza panja ndi tsache, anali atakwezapo mizinga isanu ndi umodzi.

"Imapumira apa, bambo," anatero akuloza ndi pensulo. "Lediyeta iyi."

"Imodzi yokhayi?"

"Malo anatha. Mizinga yadya matani ambiri."

"Apongozi," bambo anatero mwaulemu wonse, "mizinga isanu ndi umodzi, lediyeta imodzi. Mukupita kunkhondo kapena mukukawiritsa mazira?"

Mlamu anaseka mpaka tiyi anamutsamwa. Ine ndinaseka nawo, koma maso anga ankangothamangira pakona ya pachitseko. Pamenepo panali sutikesi ya bambo, yomangidwa ndi lamba wakale, ndipo tikiti ya basi ya Lamlungu m'mawa inali itatsomekedwa pansi pa lambayo.

Bambo anagwira ntchito ya umakaniko zaka makumi anayi. Amayi atamwalira, iwo anapitiriza kukhala okha m'chipinda cha kuseri kwa galaja yawo, ngakhale galajayo inali itatsekedwa, kufikira tsiku limene anachita chizungulire n'kugwa pabwalo. Anawapeza ndi wogulitsa buledi, dzuwa litawaomba kwa maola awiri. Adokotala anati asakhalenso okha. Tinakawatenga, tinawapatsa chipinda chabwino ndi mpando wofewa pakhonde, ndipo chilichonse chimene ankati agwire ndinkawalanda. "Siyani bambo, pumani." Ndinkaona ngati ndicho chikondi. Lachinayi la sabata limenelo anabwera ndi tikiti.

"Mwana wanga, wandisunga bwino," anandiuza, "koma ine si mphika wa maluwa."

Ndinachonderera, ndinalira, ndinatchula adokotala, koma zinali ngati kuthira madzi pamsana pa bakha. Bambo ndimawadziwa. Anafika mochedwa paukwati wanga, girizi ali m'zikhadabo, chifukwa panali lole imene anali ataichotsa mawilo, ndipo lamulo lawo linali limodzi lokha: galimoto ukaikweza pajeke, ndi yako mpaka itaimanso payokha. Munthu wotero akamanga sutikesi, wamanga. Ndinali ndi mantha, mantha enieni, kuti wogulitsa buledi adzandiimbiranso foni.

"Bambo, bwanji mupange yanu?" anatero mlamu, akukankhira pepala losalembedwa pamalo opanda munthu. "Tione ngati mungaphike bwino kuposa achimwene."

Ndinkayembekezera kuti akana. Anakoka mpando.

Ife loboti timapanga mphindi makumi awiri. Bambo anatenga ola lathunthu. Anawerenga mndandanda wa zipangizo ndi chala, mzere ndi mzere, milomo ikuyenda. Anafunsa kuti kuchokera kumgodi kufika kumene kuli madzi ndi mtunda wautali bwanji, ndipo ine, amene ndinapeka pulanetiyo, ndinazindikira kuti sindinaganizepo za madzi. Anafunsa ngati fumbi lake ndi losalala kapena lamchenga. Kenako anatembenuza pepala uku ndi uku.

"Nanga makaniko amalowera pati?"

"Bukuli silinena za chitseko cha makaniko," anayankha Aphunzitsi, amene bukulo analiloweza kuposa ana a sukulu awo mmene amalowezera chilichonse.

"Ndiye chikaonongeka mumatani?"

"Timapanga china."

Bambo anawayang'ana ngati anena mawu otukwana. Anajambula kachitseko pamimba pa loboti yawo, ndi timahinjesi tiwiri, n'kuuza Aphunzitsi kuti achotsere theka la tani. Atamaliza, Aphunzitsi anawerenga mokweza: injini yaing'ono, malediyeta asanu ndi atatu, chingwe chachitsulo chokokera, jeke, bokosi la masipanala, ndi kamfuti kamodzi.

"Kamfuti kameneka mukaphera chiyani?" mlamu anafunsa.

"Koopsezera agalu."

"Nanga dzina?"

"Tifika," anatero bambo, ndipo anaitanitsa chofufutira kuti akonze chilembo chimodzi chimene chinapendama.

Aliyense anali ndi kachiboliboli kapulasitiki koimira loboti yake pamapu, kopakidwa ndi mlamu utoto wa zikhadabo. Kotsala kunalibe. Bambo anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa bawuti yaikulu, yosalala chifukwa cha kugwiridwa, ndipo anaiimika chamutu pakati pa chigwa. Sindinadziwe kuti masabata onsewo ankayenda nayo.

Ndinatsitsa mawu monga ndimachitira. "Dzuwa lili paliwombo. Mukuperekeza magalimoto a m'migodi kudutsa m'chigwa. Kuseri kwa phiri lakumanzere kukutuluka fumbi, ndipo m'fumbimo muli maloboti atatu a achifwamba."

M'masewerawa kutentha timawerenga ndi mabatani ofiira a m'chitini changa chosokera. Ukaombera mzinga umodzi, batani limodzi papepala lako. Lediyeta iliyonse imachotsa limodzi. Mabatani akakwana khumi, injini imazima. Amuna anga lamuloli ankalidziwa bwinobwino, koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Anaombera mizinga yonse isanu ndi umodzi, loboti imodzi ya achifwamba inaphulika, iwo anaimirira n'kuvina pang'ono. Ndinaika mabatani asanu ndi limodzi, ndinachotsa limodzi.

"Apongozi, ipumitseni," anatero bambo.

"Kamodzi kokha, bambo. Atsala awiri."

Anaomberanso yonse. Madayisi anawakana, palibe chipolopolo chimene chinalasa, ndipo mabatani anakwana khumi ndi limodzi. Chiphaliwali inazima pakati pa bwalo, mizinga ili chilozere kumwamba. Ndinaponyera achifwamba madayisi anga poyera, aliyense akuona, ndipo anatuluka oipa: chipolopolo chinaswa bondo lakumanja la Chiphaliwali. Mlamu anagwetsa kachiboliboli ka achimwene ake ndi chala chimodzi, mosangalala kwambiri.

Lamulo likuti loboti yosiyidwa m'manja mwa adani yapita, mwini wake ang'ambe pepala. Amuna anga anali atagwira kale pepala lawo m'makona, nkhope ili ngati ya mwana amene chibaluni chake chaphulika.

"Musang'ambe," anatero bambo. "Aphunzitsi, inu ndi mtsikanayu asokonezeni achifwambawo kumanzereko. Ine ndikubwera."

Tifika inkayenda mabokosi awiri okha pamapu nthawi iliyonse. Tinaionerera bawutiyo ikukwawa m'chigwa, mlamu akuiimbira nyimbo ya maliro, bambo osatekeseka. "Kuthamanga si kufika," anatero, akuisuntha ndi zala ziwiri. Achifwamba anaiombera kawiri, koma papepala la bambo panalibe batani ngakhale limodzi. Itafika pa Chiphaliwali, ndinawauza kuti kukoleka chingwe pakati pa zipolopolo pafunika kuponya madayisi, ndipo atuluke asanu ndi atatu kapena kuposa.

"Ine juga sindinatchovepo."

"Si juga, bambo. Ndi nyengo chabe."

Anawayeza m'dzanja ngati mmene ankayezera timipira ta mabering'i, n'kuwaponya mofatsa. Anayi ndi asanu. Aphunzitsi anamenya tebulo, makapu analira. Bambo sanamwetulire n'komwe. Anatembenukira kwa amuna anga ndi mawu amene ndinawamva komaliza ndili mwana, ndikuwapititsira chakudya kugalaja.

"Adalaivala, tsikani. Mwaotcha injini. Pitani mukakhale pamthunzi, musagwire kalikonse."

"Chabwino, bwana," anayankha amuna anga, ndipo anakwezadi manja m'mwamba.

Bambo anaikokera Chiphaliwali kuseri kwa matanthwe, achifwamba anathawa, magalimoto a m'migodi anadutsa. Apa m'pamene timalekezera masiku onse. Koma bambo anali atapinda kale manja a malaya.

"Tsopano tione bondoli. Ndipatseni bokosi la machesi."

Mlamu anakalitenga kukhitchini. Bambo anagoneka Chiphaliwali chagada, n'kukweza mwendo wake wakumanja pabokosilo mosamala, ndipo ananena kuti akumasula mabawuti anayi a pabondo, limodzi ndi limodzi, mopingasa. Ndinayang'ana kamwendo kapulasitiki kali m'mwamba pajeke ya machesi, ndinayang'ana sutikesi, ndipo ndinakumbukira lamulo la bambo lija la galimoto ya pajeke. Sindinakonzekere zimenezi. Zinangobwera.

Patsamba 84 bukulo likunena momveka kuti kukonza bondo ndi kuponya madayisi kamodzi, basi. Ndinalitseka bukulo n'kuikapo chigongono.

"Bondo ndi ntchito yaikulu," ndinatero. "Lero n'kumasula kokha. Loweruka likubwerali, kuwongola. Linalo, kumanga. Masabata atatu."

"Ayi, mayi," anayamba Aphunzitsi, "tsamba 84 ndi..." Pansi pa tebulo panamveka phokoso, nkhope yawo inasintha, ndipo mlamu anali kuyang'ana kudenga ngati mngelo. "Ndi tsamba labwino kwambiri," anamaliza motero.

Bambo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi kwa nthawi yaitali. Ndinamva manyazi ngati tsiku limene anandigwira ndikuba shuga.

"Bondoli lamasulidwa kale?"

"Lamasulidwa, bambo. Mwamasula nokha."

Anangoti, "Hmm." Nditayamba kusonkhanitsa mabatani kuti ndiyale nsalu, anatchinga mapu ndi dzanja, ndipo tsiku limenelo tinadyera pamiyendo.

Lamlungu ndinadzuka dzuwa litangotuluka. Sutikesi inali pomwe paja, lamba ali chimangire. Bambo ndinawapeza patebulo atavala jekete la paulendo ndi nsapato zopolishidwa, tiyi ali pambali, buku la malamulo lili chitsegulire patsogolo pawo. Sindinafunike kuyandikira kuti ndidziwe tsamba lake.

"Iwe, tabwera kuno. Apa alemba kuti kuponya kamodzi."

"Ndinanama, bambo."

"Unanamadi. Amayi ako ankanama bwino kuposa pamenepa." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi mpango. "Masabata atatu? Amene analemba bukuli sanamasulepo bondo chibadwire, ndipo iwenso chimodzimodzi. Chitsulo cha pakati chapindika. M'chipululu muno sitolo mulibe, tisula tokha. Fumbi lalowa paliponse, tiyenera kutsuka. Ndi miyezi iwiri imeneyo, ngati apongozi aleka kuombera ngati alumidwa ndi njuchi. Ndikamaliza apa pali ya mlamu wako. Ndaiona miyendo yake, sikafika Khirisimasi."

Ndinakhala pampando. Ndinkafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi, ndipo ndinachita zonse ziwiri.

"Chinanso," anatero, akundiloza ndi pensulo. "Mpopi wa kukhitchini ukudontha chifikireni ine. Chitseko cha kubafa chikulira. Ukadzandilandanso sipanala n'kundiuza kuti ndipume, basi imanyamuka tsiku lililonse."

"Ndamva, bambo."

"Wamva. Kandithirire tiyi wina, uyu wazizira. Ndipo poyenda usagwedeze tebulo, pali galimoto pajeke."

Ndinatenga kapu, ndipo podutsa ndinasuzumira pamapu. Chiphaliwali inali chigonere kuseri kwa matanthwe, bawuti itaima pambali pake. Bokosi la machesi liyenera kuti linkagwedera, chifukwa pansi pa kona imodzi anali ataikapo chochirikiza: tikiti ya basi, yopindidwa kanayi, bwinobwino.