Mtengo Umene Sunali M'buku

Ng'ala inayamba ndi diso lakumanzere. Pofika nyengo ya nandolo wamuwisi, a Dominiko sankathanso kusiyanitsa mbuzi zawo ndi za eni ake, iwo amene anagwira ntchito ya ziweto ku Mikolongwe zaka makumi atatu ndipo ankadziwa mbuzi yodwala ikadali patali. Koma chimene chinkawawawa kuposa mbuzi chinali mabuku. Anali nawo m'katoni pansi pa bedi: la kawetedwe ka mbuzi, la matenda a nkhuku, la mbiri ya makolo awo amene anachokera ku Mozambiki, ndi lina la za nyenyezi lopanda chikuto. Tsopano akatsegula tsamba ankangoona nkhungu.

Mwana wawo Faida, amene amagulitsa kaunjika pa Namadzi, anabwera ndi uthenga wakuti madokotala a maso adzafika ku chipatala cha boma Lachinayi, patatha masabata atatu, ndipo dzina la bambo ake analilembetsa kale. Akaphonya tsiku limenelo, basi mpaka chaka chamawa. A Dominiko anamuthokoza bwinobwino, kenaka anati sapita. Anthu m'mudzimo ankanena kuti madokotala amachotsa diso n'kuikapo la mbuzi, ndipo iwo ankaseka zimenezo, amvekere diso la mbuzi amalidziwa kuposa dokotala aliyense, silingakwane pankhope pa munthu. Komabe mpeni pa diso lawo ayi. Diso si chiboda choti munthu n'kuwenga.

Akazi awo, a Elestina, sanatsutsane nawo. Zaka makumi anayi ndi chimodzi za ukwati zinawaphunzitsa kuti a Dominiko ukawakoka ndi chingwe amatsamira m'mbuyo ngati tonde. Anangoyamba kuwawerengera masana aliwonse pakhonde, akamaliza kusenda nandolo. Sukulu analekezera Sitandade faifi, choncho ankawerenga pang'onopang'ono, chala chikuyenda pansi pa mzere.

Anayamba ndi buku la mbuzi. A Dominiko anawauza kuti adumphe masamba oyambirira, amene wolemba amathokoza mabwana ake onse mmodzimmodzi, pakuti palibe mbuzi inachirapo ndi zikomo. Ankadananso ndi wolemba wonena chinthu chimodzi katatu kuti buku linenepe, kapena wolamula kuti uwenge ziboda osanena kagwiridwe ka mbuzi yoponya miyendo. Woteroyo, ankatero, mbuzi anangoiona pa chithunzi. Koma wolemba uyu ankamulemekeza. Pa tsamba la matenda otupa mimba analemba kuti pali zina zimene iye sanazimvetse, ndipo mlimi akafunse anzake okhala m'dera lake. A Dominiko anapempha kuti awawerengere mzere umenewo kawiri. Munthu wovomera kuti sakudziwa, anatero, ndi amene ungamukhulupirire pa zimene akuti akudziwa.

A Elestina ankamvetsera, koma pofika pa nkhupakupa tulo tinkawaba. Anadandaula kuti buku lonse mulibe munthu ngakhale mmodzi woti umudere nkhawa. Ukalisiya lero n'kulitsegula mwezi wamawa, nkhupakupa uzipeza zili pomwe unazisiya.

Iwonso anali ndi mabuku awo, okulungidwa m'chitenje m'sutikesi, nkhani za chikondi zimene ankabwerekana ndi amayi a kumphakati wa kutchalitchi. Faida ankawagulira kwa bambo wina woyala mabuku akale pa chiguduli pamsika. Zaka zonsezi a Dominiko ankawatchula kuti mabodza osindikiza. Tsiku lachisanu a Elestina anati popeza pakamwa powerenga ndi pawo, azisinthana: lero mbuzi, mawa buku lawo. A Dominiko anati kuli bwino, tulo ta masana n'tabwino kwa okalamba.

Buku lake linali la chikuto chofiira. Mutu woyamba a Elestina anawerenga monga unalembedwera. Gladson, mwamuna wa galimoto, anapeza Chrissy atabisala mvula pa siteji, n'kumutenga, ndipo asanafike kumene ankapita anali atamuuza kale kuti amamukonda.

"Kwawo wafunsa?" anatero a Dominiko. "Malume ake akuwadziwa? Ameneyo ndi wakuba, amake Faida."

A Elestina nawonso pamenepo sankapakonda. Bukuli anali ataliwerenga katatu. Chimene ankakonda m'mabuku otere chinali kudikira kuja, pamene anthu awiri akudziwa koma palibe wanena, ndipo iwe wowerenga mtima uli m'mwamba ngati ndiwe nkhoswe. Koma ankadziwa zimene zinali kutsogolo. Chrissy adzaona Gladson ali ndi mkazi wina, amene ndi mlongo wake, ndipo adzalira masamba makumi anayi pa nkhani yoti funso limodzi likanaithetsa. Anaganiza kuti amuna awo akamva zimenezo adzapempha nkhupakupa.

Choncho litafika tsiku lawo lina, chala chinayenda pansi pa mzere monga mwa masiku onse, koma pakamwa panatenga njira ina. Galimoto ija inapezeka kuti inali ya abwana, ndipo Gladson anatsala ndi njinga yakapalasa. Anatuma ankhoswe. Anabwera kudzakhala kwawo kwa Chrissy ngati mkamwini, n'kupatsidwa kamunda ka m'mphepete, ka miyala, kuti apongozi aone ngati khasu amalidziwa. A Elestina ankatembenuza tsamba pamene aona kuti nthawi yakwana.

A Dominiko tulo sitinabwere. Anafunsa kuti dothi la mundawo linali lotani, ndipo atamva kuti linali lakatondo anagwedeza mutu, n'kunena kuti wolembayu wayamba kulima. Tsiku lotsatira linali la mbuzi, koma anati mbuzi sizithawa, apitirize za mkamwini uja. Anakwiya ndi alamu ake a Gladson omwe ankamutuma ngati waganyu. Anaseka pamene apongozi aakazi anakumana naye panjira ya kudimba, onse awiri n'kupatukira m'tchire mbali imodzi pofuna kupewana. A Elestina ankaona nkhope ya amuna awo ikutsitsimuka ngati chimanga cholandira mvula, koma za chipatala sanatchule. Masiku ankatha. Faida ankaimba foni, iwo n'kumuuza kuti adikire.

Lolemba la sabata ya madokotala, a Elestina anafika pa mtengo. Anawerenga kuti tsiku lina Gladson anabwera kuchokera kuntchito atamangirira chitini pa keliyala ya njinga, m'chitinimo muli mbande ya mapeyala. Anakumba dzenje kuseri kwa nyumba. Alamu ake anabwera kudzaseka, amvekere mkamwini amabzala chimanga ndi maungu, zodya chaka chomwecho. Mtengo sabzala, pakuti sadziwa tsiku limene adzamusonyeze njira ya kwawo, ndipo mapeyala ake adzadya ndi mwamuna wina. Gladson anangothirira. Koma Chrissy ankasuzumira pa kabowo ka khitchini, ndipo tsiku limenelo ndi limene anadziwa kuti munthu uyu sanabwere kudzacheza. Mawu aja a m'galimoto anali atawaiwala kalekale. Mtengowo sanauiwale, ngakhale sanamuuzepo mwamuna wake.

A Elestina anaimitsa chala pa mzere. Kuseri kwa nyumba yawo kunali mtengo wa mapeyala woti anthu awiri sangaukumbatire, ndipo mthunzi wake nthawi imeneyo unali utafika pa khola.

"Wolembayu waiwala chinthu," anatero a Dominiko potsiriza. "Sanatchinge. Mbuzi zidya mbandeyo."

"Anatchinga ndi minga. Zili pa tsamba lotsatira."

"Wolemba ameneyu kwawo n'kuti?"

A Elestina anatembenuza buku uku ndi uku, n'kunena kuti pachikuto sanalembepo. A Dominiko anapempha kuti abwereze ndime ya mtengo ija. Anabwereza, koma mawu osalembedwa sabwerera njira imene anadzera, ndipo ulendo uno mbande inafika m'jumbo.

"Poyamba munati chitini."

"Maso anganso akalamba, bambo a Faida."

"Ndi tsamba lanji limenelo?"

A Elestina anayang'ana pamene panali chala. Linali tsamba 64. A Dominiko anati Faida akabwera adzawawerengere yekha tsamba limenelo. A Elestina anatseka buku, n'kulikulunga m'chitenje mosafulumira. Anati bukulo ndi lawo, ndipo mwana sangawerengere bambo ake nkhani za chikondi, n'zosayenera. Anawakumbutsanso zimene iwo eni ankanena zaka zonse akamatsutsana ndi anzawo pa bawo, kuti munthu wofuna zoona samvera za m'maluwa, amatsegula tsamba n'kuona yekha.

Lachiwiri ndi Lachitatu sanawerenge. A Dominiko anakhala nthawi yaitali pansi pa mtengo, dzanja lili pa khungwa. Lachinayi m'mawa a Elestina pochokera ku mjigo anawapeza atavala jekete la kutchalitchi, mabatani atawamanga mophonya bowo limodzi, akufunsa ngati njinga yamoto yaitanidwa. Powakonzera mabataniwo anamva mtima wa amuna awo ukugunda ngati wa mbuzi yogwidwa miyendo. Anangowapukuta phewa limene linalibe fumbi.

Opaleshoni inayenda bwino. M'mawa mwake atachotsa bandeji, chinthu choyamba chimene a Dominiko anaona chinali nkhope ya Faida, ndipo anamufunsa kuti imvi anayamba liti. Kuwerenga kunadikira masabata angapo, mpaka diso litapola ndi magalasi atapezeka. Masabata amenewo a Elestina mtima sunakhale pansi. Anali atanamiza munthu wodana ndi bodza, pa nthawi imene sankaona, ndipo sankadziwa kuti mlandu wotere umatha bwanji.

Tsiku la magalasi, a Dominiko sanafunse katoni yawo. Anafunsa buku lofiira. Anakhala nalo pansi pa mtengo, n'kutsegula tsamba 64. Pamenepo Gladson anali m'sitolo ku Limbe akugulira Chrissy foni, ndipo pa tsamba limodzi lomwelo anamuuza katatu kuti amamukonda. A Elestina, ali pakhonde ndi lichero, anaona amuna awo akuyang'ana tsambalo nthawi yaitali, kenaka akubwerera ku tsamba loyamba. Anawerenga buku lonse masiku awiri, osadumpha.

Madzulo a tsiku lachiwiri, dzuwa likadalipo, anabwera pakhonde n'kupereka chigamulo chawo monga ankachitira ndi buku lililonse. Anati anthu a m'bukumo sadziwika chimene amadya, pakuti palibe wogwira khasu. Ankhoswe mulibe. Mtsikanayo analira masamba makumi anayi ndi awiri, anachita kuwerenga, pa nkhani ya mlongo. Koma anavomera kuti wolembayo pali chimene amachidziwa. Pamene Gladson anadikira yankho masiku asanu ndi anayi, akutuluka panja nthawi iliyonse galu akauwa, iwo anapezeka kuti aiwala kutsegulira mbuzi. Buku la nkhuku silinawaiwalitsepo chinthu. Tsopano amvetsa chimene amayi a kumphakati amalimbirana.

A Elestina anadikira, manja ali m'nandolo.

"Koma buku lina lija, limene munkandiwerengera inu," anatero a Dominiko, "muli cholakwika chimodzi."

"Jumbo ija?"

"Chinali chitini cha mafuta ophikira, munalondola poyamba. Cholakwika n'chakuti Chrissy sanali m'khitchini. Anali kuseri kwa nkhokwe, atanyamula lichero lopanda kanthu, duku lake lobiriwira likuonekera pamwamba. Gladson anamuona. N'chifukwa chake anathirira kawiri."

A Elestina anaweramira m'lichero, n'kuyamba kusankha nandolo amene anali atamusankha kale. Patapita kanthawi anati ngati Gladson anamuona, bwanji sananene zaka zonsezi. A Dominiko anati ankayesa mtengo wanena kale.

Anavula magalasi, n'kuwapinda, n'kuwaika m'thumba la malaya. Kenaka anatambasula dzanja ndi kupereka buku lofiira kwa akazi awo. Anati nkhani ija inalekezera mbande itangotchingidwa, ndipo akufuna amve mmene wolembayo anaonera chaka chimene mtengo unabala koyamba, chaka chomwe kunabadwa mwana.

A Elestina anapukuta manja pa chitenje, n'kulandira buku.

"Nditsegule tsamba lanji?"

"Lililonse, amake Faida."