Titera ku Bergamo

Mkulu wanga Domnica anasamala nkhalamba za ku Italy mpaka msana unapindika. Inenso ntchito yanga inali yomweyo, ku Torino. Nkhalamba yomaliza ya Domnica inali Mayi Ottavia a ku Genova, a nyumba ya pamtunda yoyang'ana kudoko. Madzulo ankawakankha pa njinga yawo ya odwala mpaka pakhonde, n'kumaonera limodzi sitima zikuluzikulu za anthu okapuma zikutuluka. Domnica ankati tsiku lina adzakwera imodzi, nayenso wina adzamuyalire bedi.

Titabwerera kwathu ku Botoșani, ku Romania, ana a Domnica anasonkherana n'kutigulira matikiti awiri a sitima yonyamukira ku Genova komweko. Chinatsala n'kusankha kokatera ndege. Koma mkulu wangayu sasunga chinsinsi. Anaika chithunzi cha tikiti pafoni kuti dziko lonse lione, ndipo Ermanno, mwana wa Mayi Ottavia, anachionadi.

Anaimba foni tikusenda mabiringanya, mawu ake ozuna ngati uchi. Anati tikatere pabwalo la ndege la ku Genova, lomwe lili pafupi ndi doko, iye adzatitenga pagalimoto, tikagone kwawo, m'mawa atiperekeze kusitima. Kenako, ngati wangokumbukira kumene, anati mtsikana amene amasamala amayi ake wathawa, ndipo amayiwo sakudya, akungotchula Domnica.

Ine mtima unawira. Galimoto zaulere zoterozo ndimazidziwa: umakwera uli mlendo, umatsika utavala epuloni. Ndinamuuza Domnica zimenezi mosapsatira, ndikuyembekezera kuti tikangana. Iye anaika mpeni pansi.

"Smaranda, ndikangolowa m'nyumba imeneija, n'kuwaona ali pabedi, sindidzatulukamo," anatero. "Ndimadzidziwa. Titera ku Bergamo."

Bergamo ndi kutali ndi nyanja, ndipo ndege yake imafika m'mawa wa tsiku lonyamuka sitima. Mwana wamkulu wa Domnica anakalipa kuti anthu anzeru amafika dzulo lake, pabwalo lapafupi. Atamva kuti kuchokera ku Bergamo tikwera minibasi ya Costache, uja wa m'mudzi mwathu amene amaperekera tchizi ndi soseji kwa amayi ogwira ntchito ku Italy, anagwira mutu. Anati sitima itisiya.

"Indisiye ndili pamsewu," anayankha Domnica, "kusiyana n'kuionera pakhonde paja."

Costache tinam'peza akutidikira ku Bergamo, minibasi itadzaza maphukusi mpaka kudenga. Tinakhala mopanikizana ndi chidebe cha kabichi wowawasa. Munthuyu sadutsa tawuni osaima. Apa apereke phukusi, apo amwe khofi, uko amve za mwana wa uje amene wakwatira. Ndinamutukwana njira yonse, iye n'kumangoseka.

"Inu achemwali, zaka zonsezi mwakhala mukudikira nkhalamba zimeze phala, lero mukulephera kudikira ine?"

"Yendetsa galimoto iwe, ungadye chidebe chakochi," ndinatero.

Tinafika padoko anthu akulowa kale. Sitima inali apo, yoyera, yaitali kuposa nyumba zonse za ku Botoșani. Ndinali nditayamba kuthokoza Mulungu pamene ndinaona Ermanno pachipata. Dzina la sitima analiwerenga pachithunzi chija, ndipo sanabwere yekha. Anabwera ndi amayi ake pa njinga yawo.

Ndinadana naye kwambiri munthu ameneyu nthawi imeneyo. Mayi Ottavia anali ataonda, milomo itauma, mpango utapendekeka, nsapato atawaveka mosemphanitsa. Domnica anasiya sutikesi pansi n'kugwada. Anawavula nsapato n'kuwaveka bwino, anakonza mpango, anawamwetsa madzi a m'botolo lake pang'onopang'ono, dzanja lina atawagwira pachibwano. Nkhalamba inamugwira tsitsi n'kutchula dzina lake. Ine ndinadziwa kuti ulendo wathera pomwepa. Ermanno naye anadziwa, chifukwa anali atatsegula kale chitseko cha galimoto.

"Sabata imodzi yokha, Domnica, mpaka tipeze wina. Sitima zimanyamuka tsiku lililonse, iwe."

Domnica anadzuka, mawondo akulira. Anagwira manja onse awiri a Ermanno, manja osalala aja, n'kuwaika pazogwirira za njinga. Anamuuza kuti phala lizikhala lamadzimadzi, mankhwala aziwaphwanyira mu supuni ya jamu, ndipo aziwatembenuza pabedi asanatuluke zilonda. Anati madzulo ano awatulutse pakhonde, amakonda kuona sitima.

"Ine sindidziwa zimenezi," anatero Ermanno.

"Nanenso sindinkadziwa, bambo. Awa ndi amayi anu. Anga anamwalira ine ndikusambitsa anuwa."

Sananame. Maliro a amayi athu tonse awiri tinaonera pafoni, aliyense ali m'khitchini ya eni ake.

Anawapsompsona Mayi Ottavia pachipumi, ananyamula sutikesi n'kulowa pachipata osacheuka. Ine ndinamutsatira. M'chipinda chathu cha m'sitima tinapeza mabedi oyalidwa kale, ndipo Domnica anawayang'ana nthawi yaitali osakhalapo.

Dzuwa litapendeka sitima inalira n'kuyamba kusuntha. Tinakwera pamwamba, Domnica n'kumafufuza phiri lija ndi maso mpaka anaipeza nyumba. Pakhonde panali anthu awiri, wina atakhala, wina ataima kumbuyo kwake, pamalo pomwe iye ankaima. Domnica anakweza mkono n'kuugwedeza, misozi ikutsika osaipukuta.

"Wawaveka chijuzi koma?" anandifunsa. "Pamenepaja pamazizira."

Ndinati kuchokera kuno sindingaone. Anagwedeza mutu, n'kugwiritsa chitsulo cha m'mphepete ndi manja onse awiri.

"Aphunzira," anatero.